Mpata Wosinthira Phewa

Ndinagulitsa matumba awiri a mpunga kuti nyimbo yanga ikawonongedwe mwaluso, ndipo munthu amene anaiwonongayo sindimuimba mlandu, pakuti anagwira ntchito imene ndinamulipirira, naigwira bwino. Mlandu ndi wanga. Ndikulemba izi chifukwa anthu a kuno ku Wovwe afotokoza nkhaniyi mosiyanasiyana. Ena akuti ukalamba wandilowa m'mutu, ena akuti ndinakana ulemu chifukwa cha kudzikuza. Mwina onsewo ali ndi kachoonadi kawo, koma popeza mwini nkhani ndikadali moyo, kuli bwino ndiiyale ndekha.

Kuimba ndinakuphunzira kusukulu ya mishoni, pamaso pa mphunzitsi amene ankaloza ndi ndodo pa chinsalu cha solofa chopachikidwa pakhoma: do, re, mi, kukwera ndi kutsika, mpaka mawuwo atakhazikika m'makutu monga njira ya kumunda ikhazikika m'mapazi. Ndodo yomweyo inali ndi ntchito inanso munthu akaphonya. Nditakula ndinakhala mphunzitsi, ndipo kutchalitchi kwathu anandipatsa kwaya, imene ndaitsogolera kufikira mutu wonse utayera. Nyimbo zanga ndimazilemba m'makope a chikuto cholimba, zilembo za solofa pamwamba, mawu pansi pake. Zambiri mwa izo ndi zachabechabe, ndikuvomera. Koma ilipo imodzi imene sindichita nayo manyazi.

Manda a mudzi wathu ali kutsidya kwa sikimu ya mpunga. Nyengo ya mvula galimoto silifikako, ngolo siifikako, ndipo maliro amayenda pamapewa a anthu, podutsa pa timizere ta dothi timene timalekanitsa munda ndi munda, uku madzi, ukonso madzi. Njira yake ndi yopapatiza, yoterera, moti onyamula bokosi satha kuyenda patali osasinthana. Chaka china tinanyamula mnansi wanga m'njira imeneyi. Amayi anayambitsa nyimbo ya m'buku, koma ndani angagwire buku pamene manja akufunika pokwezera chitenje ndi podzichirikiza? Ndime yoyamba inayenda, yachiwiri inatsala ndi anthu atatu, yachitatu inafera m'matope. Choipa koposa chinali chakuti nyimboyo sinkadikira munthu. Anyamata ankasinthana paliponse, wina kulowa mnzake asanatuluke, ndipo kawiri konse bokosi linapendekeka mochititsa mantha. Mnansi wanga anakafika kumanda m'phokoso la anthu ochenjezana, osati m'nyimbo.

Sabata yomweyo ndinakumbukira mwambo umene tinaupeza kumishoni, wa masiku amene anthu ambiri sankadziwa kuwerenga. Mtsogoleri ankatchula mawu a mzere wotsatira, mpingo n'kuwalandira. Ndinapeka nyimbo pa mwambo umenewo, koma ndi chinthu chimodzi changachanga. Pakutha pa mzere uliwonse mpingo umagwira mawu otsiriza, kuwakoka osawasiya, ndipo ulendo wonse umaima. M'kati mwa kukokako mtsogoleri amatchula mzere wotsatira, ndipo onyamula amasinthana, watsopano kulowetsa phewa, wotopa kutuluka. Mpatawo ulibe muyeso. Kutalika kwake amakudziwa ndi mtsogoleri yekha, poyang'ana mapewa. Akaona kuti bokosi lakhazikika, amagwetsa dzanja, ndipo mapazi ndi nyimbo zimanyamukira limodzi. Mawu ake ndi a Chitumbuka, koma m'Chichewa amayamba motere:

Tamunyamula, Ambuye, njira ndi ya matope.
Mapazi athu aterereka, Inu gwirani mbali inayo.

Kuchokera chaka chimenecho palibe bokosi limene linapendekekanso pa timizere tathu.

Tsono kunabwera kalata yochokera ku komiti ya nyimbo ya chigawo cha mpingo wathu. Inati akusonkhanitsa nyimbo zatsopano kuti zilowe m'kabuku ka mipingo yonse ya m'chigawocho, ndi kuti zosankhidwazo zidzagawidwanso pa mafoni kuti makwaya aziphunzirirapo. Aliyense wopeka atumize chitsanzo chojambulidwa, chimene achinyamata akuchitcha demo. Mapepala a solofa okha sadzalandiridwa, pakuti owawerenga atsala ochepa.

Kalatayi inandipeza pa nthawi yake. Mawu anga ayamba kusasa, ndipo kwaya imene imaidziwa bwino nyimboyi ndi ya anthu a msinkhu wanga. Achinyamata athu ali kutauni, ena kutsidya kwa malire. Ndinkadziwa kuti nyimboyi ikapanda kutuluka m'mudzi uno ine ndikali moyo, adzaiimba komaliza pondinyamula ineyo, kapena patsogolo pang'ono, n'kuiika m'manda pamodzi ndi alito wathu wotsiriza.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito yolembera anthu mapepala a katundu kuchipata cha Songwe, ndipo amadziwa mmene zinthu zimayendera m'maofesi. Ndinamuuza kuti ndikufuna andijambule ndi foni yake pakhonde.

"Adada," iye anatero, "anzanu onse akupita ku situdiyo. Inu mutumize ya pakhonde, tambala akulira kumbuyo, mbuzi ikuyankha? Adzamvera tambalayo."

"Tambala wanga amaimba molondola kuposa matenala ena amene ndawaphunzitsa."

"Sekani, koma ine ndimaziona tsiku ndi tsiku. Pepala lodetsedwa limakhala pansi pa mulu, ngakhale katundu wake akhale golide. Valani suti, ivekeninso suti nyimbo yanu."

Ndikanatha kunena kuti anandikakamiza, koma likanakhala bodza. Mumtima mwanga munali kamwana kamene kankafuna kudzimva kakuimba monga aja a pa wailesi. Ndinagulitsa mpunga, ndinavala suti, ndinakwera minibasi ya ku boma.

Situdiyo yake inali kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsalu ya Msilamu wina wa ku Mangochi, amene anandilozera khomo mwaulemu. Makoma anawamata ndi matiresi opyapyala ndi mathireyi a mazira. Mwini situdiyo anali bambo wodekha, wa msinkhu wa mwana wangayo, ndipo anandilandira ndi manja awiri. Ndinamupatsa kope langa. Analiyang'ana, nalitembenuza, nalibweza.

"Adada, masamu awa ine ayi. Mungoimba, ndiitola ndi khutu."

Anaitoladi. Ndisanamalize ndime yoyamba zala zake zinali zitaipeza pa kiyibodi, ndipo ndinamulemekeza. Kenaka anandiveka zomvera za m'makutu, nandiimika pamaso pa maikolofoni, ndipo m'makutumo munayamba kugogoda kanthu, ko, ko, ko, ko, ngati mmisiri wokhoma misomali amene satopa.

"Muzitsata kameneko," anatero.

Ndinaimba mzere woyamba. Nditafika pamapeto ndinakoka mawu monga mwa nthawi zonse, ndinatchula mzere wachiwiri, ndinadikira, ndipo m'maso mwanga ndinkaona mapewa akusinthana. Iye anakweza dzanja.

"Pepani adada, mwalankhula pakati. Tibwereze."

"Ndiyenera kulankhula. Ndi mmene iliri."

"Chabwino. Nanga mpatawo ndi wa magogodo angati?"

"Zimatengera."

"Zimatengera chiyani?"

"Kulemera kwa womwalirayo, ndi kuterera kwa njira."

Anaseka pang'ono, osati monyoza, navula zomvera zake. "Adada, kompyuta siidziwa kulemera kwa womwalira. Imafuna nambala. Komanso ndikuuzeni zoona, chifukwa mwandilipira. A komiti adzakhala ndi nyimbo zambirimbiri patebulo. Akamva munthu akukoka mawu, kenaka akulankhula yekha, kenaka zii, adzayesa fulashi yawonongeka, adzadumphira ina. Tichotse mpatawo, tiike ng'oma yofewa pansi, muone."

Ndinamufotokozera za timizere ta m'sikimu, ndipo anamvetsera ndithu. Kenaka anati, "Tiyese njira yanga kamodzi. Mukaikana, tibwerera ku yanu."

Apa ndi pamene ndinagwera. Ndinaimba motsata kogogoda kaja, mzere kulumikiza mzere. Ndinaimba sopulano, ndinaimbanso alito, tenala ndi besi, chilichonse pachokha, ndipo iye anazisanjikiza, nasalaza pamene mawu anga ananjenjemera. Atandimvetsera zotsatira zake ndinamva amuna anayi a mawu osalala, onse ine, onse a zaka zimene ndinali nazo pokwatira. Kusasa konse kunali kutachoka. Misozi inalengeza m'maso, ndipo njira yanga ija sindinaitchulenso. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ndauphunzitsa ana ambiri, koma tsiku limenelo mkuyuwo ndinaumeza wathunthu, n'kunena yewo, zikomo wa kwathu kuno.

Loweruka lotsatira, pophunzira kwaya, mwana wanga anabwera ndi kasipika kake kuti anthu amve. Anaombera m'manja. Ena anayamba kugwedeza mapewa, ndipo mayi wina anaimirira n'kuponya mapazi pang'ono. Alito wathu wamkulu, mayi amene waimba pambali panga kuyambira tili achinyamata ndipo sanandiopepo, anaimvetsera mpaka itatha.

"Yokoma, asambizgi," anatero. Ndi mmene amatchulira mphunzitsi kwathu kuno. "Mwaimba ngati mnyamata wofunsira mbeta. Tidzavine pa ukwati wa ndani?"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinapempha amuna anayi a m'kwaya kuti atenge benchi ya m'tchalitchi, tinamangirirapo thumba la chimanga, ndipo tinatsikira ku sikimu dzuwa lili pamutu, mwana wanga akutsatira ndi kasipika, amuna ena awiri kumbuyo oti alandire. Inali nthawi yowokera, ndipo amayi amene anali m'minda anaweramuka kutiyang'ana. Mmodzi anakuwa kuti, "Mukutiitanira maliro kodi, madala inu? Benchi imanyamulidwa chomwecho?" Ndinamuyankha kuti maliro sasowa womuitana, amadziwa okha njira.

Tinayatsa nyimbo, ndipo onyamula ananyamuka. Mzere woyamba unayenda bwino, ngakhale ng'omayo inkawafulumizitsa. Pamapeto pake wakutsogolo anaima monga anazolowera, koma nyimbo sinaime, choncho wakumbuyo sanaimenso. Wolandira anali atalowetsa kale phewa. Benchi inapita kumanzere, besi wathu anapita kumanja, ndipo thumba la chimanga linakhala pansi m'munda wa eni ake, pakati pa mbande zongowokedwa kumene. Amuna anayi osalala aja anapitiriza kuimba m'kasipika, osadziwa kanthu.

Besiyo anadzuka matope mpaka m'chiuno, nati, "Asambizgi, chikhala kuti munali inu pabenchipo, bwenzi titakuwokerani."

Pobwerera mwana wanga anati kuyesako kunalibe chilungamo, pakuti palibe amene adzanyamule kasipika pamaliro. Demo ndi chitseko chabe, anatero, nyimbo ikalowa m'kabuku anthu adzaiimba mmene afunira. Ndinamuyankha kuti makwaya adzaiphunzira kuchokera pa foni, ndipo chimene khutu lamva poyamba ndicho chimene pakamwa pamabweza. Adzaiimba yopanda mpata, ndi ng'oma, ataima pamzere kutsogolo kwa tchalitchi atavala yunifolomu, ndipo dzina langa lidzakhala pamwamba pa nyimbo imene singanyamule ngakhale thumba la chimanga.

"Ndiye matumba awiri aja apita pachabe?"

"Ayi. Andigulira nzeru. Sukulu ina ndi yodula."

Sanaseke.

Tsiku limene komiti inakumana ndinapitako ndekha, osaitanidwa, fulashi yosungiramo nyimbo ya ku situdiyo ija ili m'thumba la jekete, kope lili m'manja. Anali m'kalasi ya sukulu ina, anthu asanu ndi awiri atazungulira tebulo, pakati pali kompyuta. Wapampando anali mbusa wachinyamata waulemu wake, ndipo pambali pake panali mlembi, mayi wa kumbali ya Ngara, kunyanja. Ndinadikira panja mpaka nthawi ya tiyi, kenaka ndinagogoda.

"Adada, nyimbo timalandira pa fulashi kapena pa foni," anatero abusa nditafotokoza chimene ndadzera. "Kalata inanena momveka."

"Ndinaiwerenga, abusa, ndipo inalembedwa bwino. Sindikupempha kuti muswe lamulo. Ndikupempha nthawi imene tiyi wanu akuzizira. Kodi alipo pano amene anaimvapo nyimbo yanga?"

Panalibe.

"Ndiye imirirani, ngati sikukuvutani."

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anayang'anizana, koma imvi zili ndi mphamvu yake, ndipo anaimirira. Ndinawapatsa do, ndinawaimbira mzere woyamba kamodzi kokha, ndi mawu anga enieni, osasa, onjenjemera. Ndinawauza kuti pamapeto agwire mawu osasiya mpaka dzanja langa litagwa. Anagwira. Ndinatchula mzere wachiwiri m'kati mwa mawu awo, ndinagwetsa dzanja, ndipo analowa. Pofika ndime yachiwiri mlembi uja anali atapeza alito yekha, ndipo mkulu wina wa mpingo anali atatseka maso. Anaimba ndime zonse zinayi, opanda buku, opanda pepala, nyimbo imene m'mawa wa tsikulo sankadziwa kuti iliko. Ndinawafotokozera ntchito ya mpata uja, ndi za benchi yomwe.

Abusa anakhala pansi, nasisita chipumi. "Nyimboyi ndi yabwino, adada, sindikubisirani. Koma ife tikugawa zojambulidwa, ndipo zonse ziyenera kumveka mofanana, zoyera. Sitingatumize inuyo ku mpingo uliwonse. Ndamva kuti munapita ku situdiyo. Ngati fulashiyo muli nayo, isiyeni pano, ndipo ndikuganiza kuti anzangawa savuta."

Onse anagwedeza mitu kuvomereza. Dzanja langa linali kale m'thumba la jekete, ndipo kanthuko ndinkakamva m'zala, kakang'ono ngati chala cha mwana. Chimene ndinadzera chinali patebulo: kabuku, mipingo yonse, dzina langa losindikizidwa. Ndinafunsa ngati angalandire yojambulidwa pa foni, yokhala ndi mpata wake. Abusa anati anakana kale ena ambiri amene anatumiza zojambula okha ndi foni, pakuti sizimveka zoyera, ndipo sikungakhale chilungamo kundilandira ine ndekha. Sindinawatsutse. Ndinafunsa ngati angandidikire kuti ndikajambulenso. Anati tsiku lotseka ndi lomwelo.

"Ndiye zikomo, abusa," ndinatero. "Imene ili m'thumba muno si nyimbo imene mwaimbayi. Ndi mlongo wake, wokongola kuposa iyo, koma sadziwa ntchito. Sindingamutumize ku maliro a anthu."

Ndinatulutsa dzanja m'thumba lili lopanda kanthu, ndinawagwira chanza onse, ndinatuluka. Ndinakwera minibasi kubwerera kwathu. Kabuku kanatuluka patapita miyezi, ndipo nyimbo yanga mulibe. Ndinakagula, ndipo zina mwa nyimbo zake ndi zabwino. Mwana wanga anakhala masabata angapo akundiimbira foni yongofunsa za mankhwala a miyendo, osatchula china.

Achinyamata opeka nyimbo amandifunsa tsopano, pakuti mbiri ya benchi inafika kutali, ngati kuli koyenera kulipira situdiyo. Ena amayembekeza kuti ndiwauza kuti asapite. Sinditero. Bambo uja ali ndi khutu labwino ndipo amadya thukuta lake. Ngati nyimbo yako ndi yoti anthu akhale pansi aimvere, kalipire, ndipo usanyinyirike. Koma uyambe wadzifunsa kuti nyimbo yako imagwira ntchito yanji, ndipo ndi chiyani mwa iyo chimene sungalole kuti chichotsedwe ngakhale akuchotsere zaka makumi anayi pa mawu ako. Ine funsolo ndinalidziwa yankho lake ndisanalowe m'kachipinda kaja, ndipo ndinaligulitsa ndi kukoma kwa mawu anga omwe. Safunsa anadya phula, koma ine ndinadya phula nditafunsa kale.

Masiku apitawa kunagwa maliro ku Ngara, a msodzi wina amene anakwatira mdzukulu wa mlongo wanga, ndipo ndinapita. Kumeneko kulibe timizere ta mpunga. Njira ya kumanda ndi ya mchenga wotentha, umene phazi limalowa mpaka m'kakolo, ndipo onyamula amatopa msanga. Titangotuluka pakhomo, mayi wina amene sindinamuonepo, wamtali, wovala duku loyera, anakweza mawu. Ndinayesa makutu akundinamiza. Anthu anagwira mawu otsiriza, ulendo unaima, iye anatchula mzere wachiwiri maso ake ali pa mapewa a anyamata, anadikira mnyamata wina wamfupi amene anavutika kulowa, ndipo bokosi litakhazikika anagwetsa dzanja. Pambali pa njira ndinaona mlembi wa komiti uja ali m'gulu la amayi, ndipo ndinadziwa njira imene nyimboyo inadzera. Mawu amodzi anali atawasintha. Sankati njira ndi ya matope, ankati njira ndi ya mchenga. Pamenepo sindinaone cholakwa. Koma pa mzere wachitatu, pamene ndinalemba fa, iwo ankatsikira pa mi.

Titatha kuika, anthu akusamba m'manja, ndinamufuna mayi wa duku loyera. Tinapatsana moni m'Chitumbuka, ndipo ndinamuyamikira kuti watsogolera bwino, kuti diso lake limadziwa phewa.

"Yewo, agogo."

"Koma pa mzere wachitatu paja mumatsika msanga. Pamafunika kukwera pang'ono, motere." Ndinamuimbira pansipansi.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, monga munthu amamvetsera nkhalamba imene yayenda ulendo wautali padzuwa.

"Kapena kwanu mumatero," anatero. "Kuno timaimba mmene mwamveramu. Ndi nyimbo yathu ya maliro imeneyi."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze za kope la chikuto cholimba, koma wina anamuitana kuti akathandize kugawa chakudya, ndipo anapita. Madzulo ake ndinamuimbira foni mwana wanga ku Songwe, ndinamufotokozera zonse, za mchenga ndi za mi yemwe. Anafunsa ngati ndinawauza kuti nyimboyo ndi yanga.

Ndinati ayi, koma Loweruka likudzali ndikwera minibasi kupita ku Ngara, pakuti ndamva kuti kwaya yawo imaphunzira masana. Mchenga ndawasiyira. Fa yekhayo sindiwasiyira.